Mlendo Wopyola Aona Chiyani? Za Buku la Mark Twain la Ulendo wa pa Nyanja

Sitima za pamadzi zonyamula anthu zili za mitundu iwiri. Ilipo sitima ya anthu amene ali nako kumene akupita, monga Ilala ya pa Nyanja ya Malawi, imene munthu akwera ku Monkey Bay ndi katundu wake natsika ku Likoma kapena ku Nkhata Bay. Ilipo inanso ya anthu amene akwera kuti akaone maiko chabe. Iwowa agona m'sitima, adya m'sitima, ndipo ikaima pa dooko atsika kukayendayenda m'mudzi wa eni, nabwerera kukagona m'zipinda zawo zomwe zija. Potsiriza sitimayo iwatula pa dooko limene anakwerera. Ulendo wotere ndi wa anthu a ndalama, ndipo masiku ano anthu mamiliyoni ambiri auyenda chaka ndi chaka.

Buku lomveka kwambiri losimba ulendo wa mtundu wachiwiriwu ndi lakale ndithu. Dzina lake ndi The Innocents Abroad, analilemba ndi Mark Twain wa ku America, ndipo linatuluka mu 1869. Dzinali litanthauza anthu osachenjera, onga ana, ali m'maiko a eni. Ndi buku loseketsa, ndipo anthu aliwerengabe kufikira lero. Koma wowerenga ayenera kudziwa pamene angalikhulupirire ndi pamene ayenera kuchenjera nalo. Ponena za moyo wa m'sitima ndi makhalidwe a alendo anzake, mlembiyo ndi mboni yoona. Ponena za eni ake a madooko, ali ngati mfumu yogamula mlandu itamva mbali imodzi yokha. Chifukwa cha kusiyana kumeneku sichili mu mtima wa mlembi mokha ayi. Chili m'mayendedwe a ulendowo.

Mlembi ndi sitima yake

Dzina lenileni la Mark Twain linali Samuel Clemens. Anabadwa mu 1835 m'chigawo cha Missouri, ndipo pa unyamata wake anaphunzira kuyendetsa sitima pa mtsinje waukulu wa Mississippi. Dzina lakuti Mark Twain analitenga pa mfuu ya amalinyero oyesa kuya kwa madzi ndi chingwe. Mfuuyo ikamveka ndiye kuti madzi ndi akuya mafiti 12, ndipo sitima ingapite bwino. Chotero pa za madzi iye sanali mlendo. Pamene anakwera ulendo uno anali wa zaka 31, wosakwatira, ndipo ntchito yake inali yolembera nyuzipepala.

Sitimayo dzina lake linali Quaker City. Inali yoyendera malasha, ya mikombero iwiri ikuluikulu m'mbali mwake yopalasa madzi, ndipo inatumikirapo pa nkhondo ya pachiweniweni ya ku America imene inatha mu 1865. Woiyendetsa wake, Captain Charles Duncan, ndiye anakonza ulendowo. Mtengo wa munthu mmodzi unali madola 1,250, ndalama zimene wantchito wamba wa masiku amenewo sakanazipeza ngakhale atagwira ntchito zaka ziwiri. Pamwamba pa izo munthu anauzidwa kusunga madola 5 a tsiku lililonse lokayenda pamtunda. Twain analibe chuma chotere. Anamlipirira ndi eni nyuzipepala ya Alta California ya ku San Francisco, kuti iye aziwatumizira makalata osimba zimene waona. Makalata amenewo, oposa 50, ndiwo anawasanduliza buku atabwerera kwawo.

Ambiri analembetsa chifukwa anamva kuti mlaliki wotchuka wa ku Brooklyn, Henry Ward Beecher, adzakhala nawo, pamodzi ndi mkulu wa nkhondo General Sherman. Onse awiri sanapite. Otsalawo, pafupifupi 70, ananyamuka ku New York pa 8 June 1867, nabwerako pa 19 November chaka chomwecho. Anafika ku zisumbu za Azores, ku Gibraltar, France, Italy, Greece, Turkey, ku gombe la Russia pa Black Sea, ku Syria, Palestine, Egypt ndi Bermuda. Khumbo lalikulu la ambiri linali kukaponda dziko limene anayendamo Ambuye Yesu.

Mudzi woyandama

Mitu yoyamba ya bukuli, yosimba masiku a pakati pa New York ndi Azores, ili m'gulu la mitu yokoma koposa. Ulendowo unayamba mwamanyazi. Sitima itangochoka pa dooko inakumana ndi namondwe, niponya nangula isanatuluke m'madzi a New York, nikhala pamenepo masiku awiri. Italowa m'nyanja yeniyeni, mafunde anagwetsa anthu ndi mseru. Twain, amene sanadwale, aulula poyera kuti anakondwera kuona akuluakulu olemekezeka akudzandira atagwira pamimba. Kuulula kotereku ndiko kuchititsa wowerenga kumkhulupirira, pakuti asanaseke ena wayamba waonetsa choipa cha mu mtima mwake.

Asimba za masewera okankha timatabwa ndi ndodo pa bwalo la sitima, za kuvina kumene kunalephereka chifukwa sitima ikapendekeka ovina onse anagwera mbali imodzi, ndi za mlandu wongoyerekeza umene anazenga kuti nthawi ipite. Asimba za mnyamata Blucher amene anavutika mtima ndi wotchi yake yatsopano. Popeza sitima inalikupita kum'mawa, dzuwa linafulumira kutuluka ndi mphindi ngati 20 tsiku lililonse, ndipo nthawi ya m'sitima inasinthidwa motero. Koma mnyamatayo anayesa kuti wotchi yake ikutsalira chifukwa chofooka, naipotokola kuti ithamange kufikira pothera. Asimbanso za mabuku olembamo za tsiku ndi tsiku. Poyamba anthu 20 kapena 30 anakhala pa matebulo madzulo alionse kulemba zimene aona. Patapita milungu yochepa ambiri analeka, masamba natsala oyera. Aliyense amene anayambapo ntchito ndi changu chachikulu naisiya pakati adzadziona yekha pamenepa.

Koma fupa la nkhani ndi kusamvana kwa magulu awiri. Mwa okwerawo munali abusa 3, madotolo 8 ndi amayi 16 kapena 18, ndipo atatu mwa anayi alionse anali a zaka za pakati pa 40 ndi 70. Achikulirewa Twain awatcha aulendo opembedza. Iye ndi anzake ochepa, osuta fodya ndi kusewera makadi usiku, adzitcha ochimwa. Madzulo alionse kunali mapemphero m'chipinda chachikulu chimene anyamata anachitcha Sunagoge. Mlembi sanyoza pemphero. Chimene anyoza ndi kupembedza kongoganizira mwini yekha. Mmodzi wa akulu a sitima anadandaula kuti opembedzawo apempha Mulungu usiku uliwonse kuti awapatse mphepo yowakankhira kutsogolo, osakumbukira kuti nyengo imeneyo sitima yopita kum'mawa inali yawo yokha, pamene zobwera kumadzulo zinali zambirimbiri. Mphepo yowakomera iwo ikanasautsa ena onsewo. Kankhani kameneka kaposa ulaliki wautali.

Chimene Twain anaonera bwino anthu amenewa n'chodziwika. Anakhala nawo miyezi isanu, kudya nawo pa tebulo limodzi ndi kumva kutsokomola kwawo kuseri kwa thabwa. Anadziwa chinenero chawo, mipingo yawo, ndi mabodza amene munthu wa kwawo adzinamiza nawo. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'sitima munthu adekha ngakhale safuna, pakuti kothawira kulibe. Ndiponso si zoipa zokha anazipezamo. Mayi wina wa ku Cleveland, Mary Fairbanks, anamwerengera makalata ake namchotsera mawu achipongwe, nakhala bwenzi lake zaka zambiri. Mnyamata wina, Charles Langdon, anamuonetsa chithunzi cha mlongo wake Olivia, amene Twain anamkwatira mu 1870. Izi sanazilembe m'bukumo, koma zisonyeza kuti moyo wake weniweni wa miyezi imeneyo unali m'sitima.

Maso ndi mabuku

Atatsika pamtunda, luso la Twain likhalabe lakuthwa malinga ngati maso ake ali pa alendo anzake. Chachikulu chimene anachizindikira ndi ichi: alendo ambiri saona ndi maso awo, aona ndi mabuku amene anawerenga asananyamuke. Ku Milan anaima patsogolo pa chithunzi chotchuka cha Mgonero wa Ambuye, chimene Leonardo da Vinci anajambula pa khoma zaka zoposa 350 m'mbuyomo. Utoto wake unali utasuluka ndi kukanganuka, nkhope zosaoneka bwino. Komabe alendo anausa moyo, natama chikondi ndi chisoni zimene anati aziona pa nkhope zofufutikazo. Twain anati iwo atama zimene anauzidwa, ndipo apa ananena zoona. Koma apitirira kunena kuti zithunzi zatsopano zokopera zikongola koposa za amisiri akale. Avomera yekha kuti za kujambula sanaziphunzire, komabe alankhula ngati kusaphunzirako ndi ulemu. Pamenepo wowerenga angaseke naye, koma asamtenge ngati mphunzitsi.

Ku Syria ndi ku Palestine ndiko lumo lake lithwa koposa. Anthu 8, mmodzi wa iwo Twain, anasiya sitima ku Beirut nayenda pa akavalo pafupifupi milungu itatu, kudzera ku Damascus, ku Nyanja ya Galilee, ku Nazareth ndi ku Jerusalem, nakaipezanso sitimayo ku Jaffa. Kuchokera ku Baalbek kufika ku Damascus unali ulendo wa masiku atatu. Koma atatu opembedza a m'gululo anakana kuyenda pa tsiku la Sabata, naumiriza kuti ulendowo uthe m'masiku awiri. Akavalo otopa ndi opunduka anayendetsedwa kufikira usiku. Mlembi afunsa ngati kusunga chilembo cha lamulo kuposa chifundo, ndipo funsolo si la munthu wonyoza Mulungu. Ndi la munthu amene anawerenga Uthenga Wabwino naumvetsa.

Pa Nyanja ya Galilee panachitika chinthu chomvetsa chisoni ndi choseketsa pamodzi. Opembedzawo anali atalankhula njira yonse kuti adzayenda pa madzi amene anayendapo atumwi, mtengo ungakule chotani. Atafika anaitana ngalawa, ndipo mwini wake anatchula madola 8 a gulu lonse. Mmodzi anati adule pakati. Mwini ngalawa sanakangane nawo. Anatembenuza ngalawa yake napita, ndipo ina sinapezeke. Anthu amene analipira madola 1,250 aliyense ndi kuoloka nyanja yaikulu analephera chimene anadzera chifukwa cha madola 4. Twain asimba izi popanda kukuwa, ndipo n'chifukwa chake zipweteka.

Chizolowezi china chimene anadana nacho ndi cha kuswa miyala ya malo akale kuti akaonetse kwawo. Ena a gululo anayenda ndi tinyundo m'matumba. Ku Nain analowa m'kamzikiti naswa zidutswa za khoma, ataponda ndi nsapato pa mphasa zopempherera. Apa mlembi aima ndi eni dziko: afunsa chimene anthu a ku America akanachita alendo a mfuti atalowa m'tchalitchi cha m'mudzi mwawo naswa zokometsera za pa guwa. Ku Egypt wina anakwera ndi nyundo kukagogoda nkhope ya Sphinx, chosema chachikulu chija cha thupi la mkango ndi mutu wa munthu, koma mwalawo unamkanika.

Ndipo nthawi zina mlembi adziweruza yekha. Ku Sande sukulu anaphunzira za mafumu a m'Buku Lopatulika, nawayesa aakulu ngati mafumu a England kapena Russia. Atayenda m'dzikomo ndi kavalo anapeza kuti ndi laling'ono, ndi kuti mafumu ambiri aja Yoswa anawagonjetsa anali onga nyakwawa ndi mafumu a midzi. Anati ayenera kuiwala zambiri kuti aphunzirenso. Mitu yotere ithandiza wowerenga Buku Lopatulika koposa mabuku ena otama chilichonse.

Eni dooko

Tsono maso ake akachoka pa alendo ndi kugwera pa eni dziko, buku lisanduka lina. Ku Horta, pa chisumbu cha Fayal m'zisumbu za Azores, sitima inaima masiku awiri okha. M'masiku awiriwo Twain anakwera bulu, nadya mu hotela, ndipo atatero analemba kuti anthu a pachisumbupo, a mtundu wa Chipwitikizi, ndi aulesi, auve ndi osafuna kuphunzira. Koma m'mutu womwewo atama misewu yawo yoyalidwa miyala, yosalala ndi yosesedwa bwino, ndi malinga a miyala omangidwa mwaluso. Safunsa kuti anamanga zimenezi ndani. Anamanga ndi aulesi omwe aja.

Komweko Blucher anaitana anzake ku chakudya, ndipo pepala la mtengo linanena 21,700. Mnyamatayo anayera nkhope, nayesa kuti chuma chake chonse chatha. Pambuyo pake anauzidwa kuti nambalayo inali ya tindalama ta Chipwitikizi totchedwa reis, timene 1,000 tinakwana dola imodzi. Chotero ngongole yonse inali madola 21 ndi masenti 70. Nthabwala iyi igwera mlendo, ndipo ndi yabwino. Koma isonyezanso chinthu china: pafupifupi nthawi zonse pamene mlendo wa m'bukuli alankhula ndi mwini dziko, nkhani yake ndi ya ndalama.

Sizingalephere kutero. Munthu wokhala pa dooko tsiku limodzi kapena awiri akumana ndi iwo okha amene adya za alendo: wopemphetsa, wogulitsa malonda, mwini bulu, ndi wotsogolera alendo. Mlimi ali ku munda, mayi ali pa mtondo, mphunzitsi ali m'sukulu, ndipo iwowa alibe chodzera ku dooko. Mlendo aona manja otambasuka kupempha, nayesa kuti waona mtundu wonse. Twain sanadziwe Chipwitikizi, Chigriki, Chituruki kapena Chiarabu. Ngakhale pa ulendo wa akavalo uja sanagone m'nyumba za anthu a m'midzi. Antchito anawatsogolera ndi mahema okhala ndi mabedi achitsulo, mphasa zokongola ndi tebulo loyalidwa nsalu. Kunena zoona, sitima inawatsata pamtunda.

Nkhani ya otsogolera alendo ndiyo ionetsa bwino vutoli. Ku Paris anapeza wotsogolera dzina lake Billfinger. Dzinalo silinawakomere, ndipo anamtcha Ferguson. Kuyambira pamenepo wotsogolera aliyense, wa ku Italy, wa ku Turkey kapena wa ku Syria, anakhala Ferguson. Midzi ya Aarabu nayonso anaipatsa maina a kwawo, monga Jacksonville, chifukwa maina enieni anawavuta lilime. Anali ndi masewera ozunza nawo a Ferguson amenewa. Wotsogolera akondwera alendo akazizwa, chotero iwo anapangana kusazizwa ndi kanthu. Ku Genoa ataonetsedwa kalata yolembedwa ndi Christopher Columbus mwini, dotolo wa m'gululo anangodandaula za kuipa kwa malembedwe ake. Ku Rome ataonetsedwa mtembo woumikidwa wa ku Egypt, wa zaka zikwi zingapo, anafunsa ndi nkhope yosaseka ngati munthuyo anamwalira. Mitu imeneyi ndi imene anthu a ku America anaikonda koposa, ndipo ili ndi choonadi chake, pakuti otsogolera ambiri angobwereza mawu oloweza. Koma wosekedwayo ndi munthu wofuna chakudya cha ana ake m'chinenero chimene si chake, ndipo ndiye mwini dziko mmodzi yekha amene akanawauza kanthu akanamfunsa. Owerenga amene makolo awo anagwira ntchito m'nyumba za Azungu kapena m'migodi ya ku Johannesburg, napatsidwa dzina la Jim kapena Sixpence chifukwa bwana sanafune kuphunzira dzina lenileni, adzaseka pang'ono pokha pofika apa.

M'chaka cha 1867 nthenda ya kolera inapha anthu oposa 100,000 ku Italy. Chifukwa cha ichi madooko ambiri anakaniza okwera sitima kutsika. Pa dooko la Piraeus, pafupi ndi Athens, akulu a boma analamula kuti aliyense akhale m'sitima. Usiku Twain ndi anzake atatu anazemba pa kabwato, nayenda pansi kufikira pa phiri la Acropolis, naona kachisi wakale wa Parthenon pa kuwala kwa mwezi. Mutu umenewu ndi wokongola kwambiri. Mzinda wogona pansi pa mwezi aufotokoza mwa mawu ochepa ndi oyenera. Koma palibe pamene mlembi aima kuganizira kuti lamulo analiswalo linali lotchinjiriza ana a eni mudzi ku imfa. M'njira anaba mphesa m'minda ya anthu, ndipo alonda a mfuti atawapirikitsa, iye anati kuchuluka kwa alonda kusonyeza kuti dzikolo ndi la anthu osakhulupirika. Kapena apa adziseka yekha, popeza wakubayo anali iye. Koma m'mutu wotsatira anyoza Agriki a masiku amenewo mosaseka konse, atakhala m'dziko lawo usiku umodzi.

Mawu ake oipa koposa agwera Aarabu osauka a ku Syria ndi ku Palestine. Awatcha auve ndi opemphetsa, nawafanizira monyoza ndi eni dziko la America, amene anawanyozanso chimodzimodzi. Aona ntchentche pa maso a ana, koma kawirikawiri alemba ngati ndi mlandu wa anawo. Pamalo pena avomera kuti anthuwo anaponderezedwa ndi misonkho ya boma la Turkey, koma mfundoyo saitsata patali. Malo amodzi okha ndiwo aonetsa chimene bukuli likanakhala. Pafupi ndi Banias, pamene kale panali Caesarea Philippi, dotolo wina wa m'gululo anathira mankhwala m'maso a mwana wodwala. Mayi wa mwanayo anathamanga kukauza anzake, ndipo posachedwa khamu la odwala linamzinga dotoloyo, kumyang'ana ndi ulemu waukulu. Twain anati pamenepo ndipo anamvetsa chifukwa chake makamu anatsata Yesu wochiritsa. M'mawa umenewo gululo linaima, ndipo mmodzi wa iwo anapatsa anthu kanthu kosagula. Nthawi yomweyo opemphetsa aja anaoneka ngati amayi ndi ana.

Mankhwala amene sanagwire

Atafika ku New York, Twain analemba kalata mu nyuzipepala ya New York Herald yofanizira ulendo wonsewo ndi ulendo wa maliro, ndipo anzake ena anakwiya nayo. Patapita chaka mtima wake unatsika, ndipo m'mawu otsiriza a bukuli anena kuti kuyenda m'maiko ndi mankhwala ochiza kunyoza anthu a mitundu ina. Mawu amenewa atchulidwa kawirikawiri ndi ogulitsa maulendo. Koma buku lomwelo liwatsutsa. Opembedza anabwerera ndi maganizo omwe ananyamuka nawo, pamodzi ndi matumba a miyala. Mlembi mwini anachira ku ulemu wonama wa zinthu zakale, koma ku kunyoza osauka a maiko ena sanachire pa ulendo uno. Kanthu aka si kakang'ono, pakuti bukuli analigulitsa khomo ndi khomo, ndipo m'chaka choyamba anagula mabuku pafupifupi 70,000. Mabanja ambiri a ku America amene sanaonepo Mwarabu kapena Mtaliyana anamdziwira m'masamba amenewa.

Sitima za masiku ano zakula koposa. Icon of the Seas, imene inayamba maulendo ake ku Miami mu 2024, ingathe kunyamula alendo 7,600 ndi antchito oposa 2,000, ndipo pa madooko ambiri sitima zotere zifika m'mawa ndi kuchoka madzulo. Chotero nthawi ya pamtunda yafupika koposa ya Twain, ndipo khamu lotsika lachuluka. Eni madooko ena ayamba kukana. Mu 2021 boma la Italy linaletsa sitima zazikulu kupyola pakati pa mzinda wa Venice. Mantha a nthenda nawonso sanathe: mu February 2020 sitima ya Diamond Princess inabindikiritsidwa pa dooko la Yokohama ku Japan ndi anthu 3,711, ndipo oposa 700 anagwidwa ndi Covid-19. Wowerenga wodziwa zimenezi sangawerenge za usiku wa ku Athens monga anaziwerengera anthu a mu 1869.

Alipo anthu enanso amene bukuli liwadutsa, ngakhale anali m'sitima momwemo: othira malasha m'ng'anjo, ophika, ndi otsuka bwalo. Aonekera bwino kamodzi kokha. Mu August 1867 alendowo analandiridwa ndi Tsar Alexander II, mfumu yaikulu ya Russia, ku nyumba yake ya pafupi ndi Yalta, ndipo Twain anathandiza kulemba mawu a ulemu amene anaperekedwa kwa mfumuyo. Atabwerera m'sitima, amalinyero anayamba kuwayerekeza. Wophika wina anavala beseni kumutu ngati chisoti chachifumu ndi nsalu ya pa tebulo ngati mwinjiro, ndipo anzake a phula m'manja anamgwadira nabwereza mawu aja tsiku ndi tsiku. Twain asimba kuti zinamtopetsa, koma anazilemba, ndipo ayenera kuyamikidwa pa ichi. Amalinyerowo anayang'ana alendo monga alendo anayang'anira eni madooko.

Pa ulendo wonsewo panali dooko limodzi pamene anthu okhala pamtunda anakwera m'sitima ambiri, nagona momwemo, ndipo mlembi anafunsa mbiri yawo naisimba ndi chifundo. Panali pa Jaffa. Anthuwo, pafupifupi 40, anali osauka ndi osweka mtima, ndipo sitima inawanyamula kufikira ku Alexandria, kumene mmodzi wa alendo, Moses Beach, anawapatsa madola 1,500 a ulendo wobwerera kwawo. Anali anthu a ku Maine, m'dziko la America, amene anatsata mlaliki George Adams mu 1866 kukamanga mudzi ku Palestine, mudziwo nulephereka.